Mlatho wa Tinjerwa ndi Zala Zanga Ziwiri

Chizindikiro choyamba chinaoneka Lamlungu lina m'mwezi wa Epulo titabwerako kutchalitchi, ngakhale kunena zoona si ine amene ndinachiona. Ndinali pamphasa pakhonde, nditatsamira dzanja lamanja, ndikusankha tinjerwa tanga ta pulasitiki ndi lamanzere. Mkazi wanga, NyaMhone, anatuluka m'nyumba n'kundifunsa kumene magazi amene anali pamphasapo akuchokera. Nditadzutsa dzanja ndinapeza kanjerwa kena kothyoka katalowa m'mbali mwa chikhatho, m'munsi mwa chala chaching'ono. Aliyense amene anapondapo tinthu timeneti amadziwa mmene timapwetekera. Ine ndinakatsamira mwina theka la ola osamva kalikonse. Ndinakazula, ndinapukutira magaziwo pakabudula, n'kuseka. NyaMhone sanaseke.

Kwathu ndi ku Phalombe, koma ndakhala kuno kumbali ya Chintheche zaka khumi ndi zisanu ndi chimodzi, ndikucheka mitengo ya labala pa esiteti. Anthu amaganiza kuti ntchito imeneyi ndi yongokanda mtengo, utomoni n'kumatsikira wokha m'kapu. Si choncho. Mpeni umayenera kusenda kakhungwa kopyapyala ngati chikhadabo. Ukasenda pamwamba utomoni sutuluka, ukalowetsa pang'ono chabe wafika pathupi la mtengo, ndipo pamenepo pamadzatuluka chotupa, sipadzachekekanso. Malire ake maso sawaona, makamaka m'bandakucha pamene timayamba ntchito. Zimene zimadziwa ndi zala. Dzanja langa lamanja ndilo linatipatsa nyumba ya pa esiteti, ndilo limaphunzitsa mwana wathu Tadala ku sekondale, ndipo ku Phalombe ndilibe ngakhale kamunda koti ndingabwerereko.

Tinjerwato tinabwera ndi mlamu wanga, mkulu wake wa NyaMhone, amene amachapa zovala pa loji ina ku Kande. Alendo ena anasiya ndowa yathunthu pochoka, ndipo iye anabweretsera Tadala. Tadala anaseweretsa sabata imodzi n'kutopa nato. Amene ndinakodwa ndine, bambo wamkulu wa ndevu zake. Ndi tinjerwa ting'onoting'ono ta mitundu yosiyanasiyana, tokhala ndi timitu pamwamba, ndipo timalumana ukatidina. M'ndowamo munalinso timatayala ndi tianthu tisanu ndi kamodzi. Anzanga a m'malaini, kumene kuli nyumba za antchito a pa esiteti, anayamba kunditchula kuti kontilakita, ndipo akamadutsa ankandifunsa ngati ndikulemba aganyu.

Chimene ndinkamanga chinali chimodzi. Tisanakwatirane, ndinapita ndi NyaMhone kukaonera filimu m'kanyumba ka vidiyo pa Chintheche. Dzina la filimuyo sindinalidziwe, chifukwa tinalowa itayamba kale. Koma pali malo amodzi amene anakhala m'mutu mwanga. Lole yodzaza matumba inatitimira tayala limodzi pakati pa mlatho wa matabwa, mtsinje ukusefukira, amuna atatsika n'kumakankha, ndipo tsidya linalo mayi wina ataima yekha ndi ambulera. Pamenepo jenereta inazima mafuta atatha, mwini vidiyo anatiuza kuti tibwere mawa, ndipo mawa lakelo anaika filimu ina. Mpaka lero sindidziwa ngati lole ija inaoloka. Nditaona tinjerwa tija ndinaganiza zomanga malo amenewo pathabwa, monga momwe ndinkawakumbukirira: mlatho, madzi, lole yopendekeka, anthu okankha ndi mayi wa ambulera.

M'mwezi wa Meyi ndinaona kuti ndikulephera kulekanitsa tinjerwa tiwiri tikalumana. Kale ndinkangopana ndi zala n'kukanula. Tsopano kupanako kunalibe mphamvu, moti ndinayamba kukanula ndi mano. Chala chaching'ono ndi chachinayi choyandikana nacho zinkachita dzanzi losatha, lija umamva ukagonera mkono, koma ili silinkachoka ngakhale ndigwedeze dzanja bwanji. Kuntchito ndinawafotokozera anzanga tikudikira kupimitsa utomoni. Onse anandiuza chimodzimodzi, kuti wocheka labala aliyense amene wadutsa zaka khumi zala zake zimauma, chifukwa cha chisanu cha m'mawa ndi utomoni umene umakakamira pakhungu. Mankhwala ake, anatero, ndi kuviika dzanja m'madzi otentha ukaweruka. Ndinakondwa ndi yankho limeneli chifukwa ndi limene ndinkafuna kumva.

Mu Juni kukuzizira ndinaganiza zochita ziwiri pakamodzi. Tinjerwa ta buluu timene ndinkafuna kupangira mtsinje tinali takuda ndi fumbi, choncho ndinatithira m'beseni la madzi otentha, n'kumativuula ndi dzanja lodwalalo kuti nalo liviikike. Ndinalowetsa mbali ya chala chaching'ono, ndipo ndinkamva ngati madziwo ndi ofunda chabe. Tinjerwa tina tinapindika ndi kutentha, koma ine mutu sunagwirebe. Madzulo ake mbali yonse ya chikhatho inatuluka matuza. Sanapweteke ngakhale pang'ono, ndipo kusapwetekako ndi kumene kunandiopsa koyamba. NyaMhone anandimanga kansalu, kenako anandiuza kuti pamsana panga, pansi pa phewa, pali banga loyezuka lalikulu ngati chivundikiro cha kapu, ndipo waliona kwa miyezi ingapo. Anati tipite kuchipatala. Ndinamuyankha kuti ndi zikanga, ndipo mwamuna sasiya mitengo yake chifukwa cha zikanga.

Ndinapitadi kuchipatala chathu chaching'ono mu Julayi, NyaMhone atandiumiriza. Apa ndiyenera kunena zoona, chifukwa kulakwa kunali kwanga. Nditalowa ndinavula malaya n'kuonetsa bangalo basi. Dzanja ndinalisunga m'thumba. Woona odwala atandifunsa ngati pali vuto lina, ndinati palibe. Anandipatsa mankhwala opaka n'kundiuza kuti ndibwerere pakatha masabata atatu ngati banga silikusintha. Silinasinthe, ndipo sindinabwerere. Ndinali nditayamba kale kuganizira dzina la matendawa, koma ndinkaopa ngakhale kulitchula m'mtima. Ndili mwana kunali bambo wina kumudzi kwathu amene analibe zala, ndipo ankadyera m'mbale yakeyake kuseri kwa nyumba. Nthawi iliyonse imene ndinkayang'ana dzanja langa ndinkaona bambo ameneyo.

Chimene chinandigwetsa ndi mitengo. Kumapeto kwa Ogasiti a kapitawo athu, munthu wachikulire wa ku Dedza amene anandiphunzitsa ntchitoyi, anandiitana kumzere wanga ndi kundiyendetsa mtengo ndi mtengo. Sanakalipe. Ankangoloza pamene mpeni unalowa kwambiri, thupi loyera la mtengo likuonekera. Tinawerenga mabala khumi ndi anayi, ine amene zaka zonsezo ndinkatchulidwa pophunzitsa anyamata atsopano. Anandifunsa ngati ndayamba kumwa. Ndikanakonda ndikanati eya, chifukwa mowa munthu amasiya. Ndinatulutsa dzanja m'thumba. Zala ziwiri zija zinali zitayamba kupindika, ndipo pakati pa chala chachikulu ndi chamkombaphala mnofu unali utalowa. Anayang'ana nthawi yaitali, kenako anandilanda mpeni mwaulemu n'kundiuza kuti ndiyambe ndagwira ku nazale, kumene timabzala mbande m'machubu, mpaka nditabwera ndi kalata ya dokotala. Anati mzere wanga ausunga, koma sangausunge mpaka kalekale.

Ngakhale zinali choncho ndinazengereza mwezi wonse wa Seputembala. Ndinkati ndipita Lolemba, Lolemba likafika ndinkati ndipita Lachinayi. Chakudya sichinkalowa. Ndikaweruka ndinkakhala patsogolo pa thabwa lija osamanga kanthu. Mlatho unali utafika pakati, lole ilibe denga. Kumayambiriro kwa Okutobala NyaMhone anadzuka m'mawa, anavala, anatenga buku langa la kuchipatala n'kuima pakhomo. Anati, “Bambo a Tadala, wamva m'mimba ndiye atsegula chitseko, koma inu mwakanika, ndiye ndatsegula ine. Tiyeni.” Tinakwera minibasi yopita kuboma.

Kuchipatala chachikulu tinafika isanakwane seveni koma mabenchi anali atadzaza kale. Tinalembetsa, tinapimitsa sikelo, tinadikira, kenako anatiuza kuti woona za khungu amakhala chipinda cha kumapeto ndipo ayamba akamaliza kuyendera odwala m'mawodi. Tinadikira mpaka dzuwa litafika pamutu. Ndinakhala pakati pa mayi wa mwana wa zilonda m'mutu ndi mnyamata wina wa ziwengo, dzanja ndili nalo m'thumba, ndikupemphera kuti pasadutse munthu wondidziwa. Aliyense wovala yunifolomu akatulukira, mtima unkagunda ngati ndaba.

Dokotalayo anali wamng'ono kwa ine, wodekha. Anandiuza kuti ndivule zovala, ndipo anandiyang'ana thupi lonse pafupi ndi zenera. Mabanga sanali amodzi, anapeza asanu ndi awiri, ena kumatako ndi kuseri kwa ntchafu kumene munthu sudziona. Anandiuza kuti nditsinzine, ndipo ndiziloza paliponse pamene akundikhudza ndi kathonje. Ndinaloza kangapo, kenako panali zii. Ndinkaganiza kuti wasiya, koma NyaMhone anandiuza pambuyo pake kuti nthawi yonseyo ankasisita pabanga lija. Anachitanso chimodzimodzi m'chikhatho ndi nsonga ya bolopeni. Kenako anandigwira kuseri kwa chigongono n'kudina mtsempha wina umene unali utatupa ngati chingwe, ndipo ululu wake unathamanga mpaka kuchala. Anatenga timadzi pang'ono pansonga ya khutu kuti akapime, ndipo anatiuza kuti tibwerenso Lachisanu.

Masiku atatu amenewo ndi amene anali aatali kuposa onse. Lachisanu anatikhazika pansi tonse awiri. “Bambo, amenewa ndi matenda a khate,” anatero. “Amachizika, mankhwala ake ndi aulere, ndipo mukangoyamba kumwa simupatsiranso munthu. Tizilombo tifa, pamenepo musakayike. Chimene sindingakulonjezeni ndi mtsemphawu. Ukavulala kosapitirira miyezi isanu ndi umodzi, nthawi zambiri umabwerera. Inu mwafika pamalire penipeni.” Ndinawerenga m'mutu kuyambira Epulo. Ndinamufunsa ngati ndidzagwirenso mpeni. Anati tiona, ndipo mawu amenewa ndinadana nawo chaka chonse.

Anandipatsa mankhwala a chaka chathunthu, otenga mwezi ndi mwezi. Tsiku lotenga ndinkamwera pomwepo pamaso pa anamwino, ena onse ndinkamwera kunyumba tsiku lililonse. Anawonjezera mapiritsi ena ochepetsa kutupa kwa mtsempha, oyamba ambiri n'kumachepetsa pang'onopang'ono. Anandichenjeza kuti mkodzo udzafiira ndipo khungu lidzada, ndipo zonsezo zinachitikadi. NyaMhone anamuyeza tsiku lomwelo, Tadala anamuyeza atabwera kutchuthi, ndipo onse anawapeza alibe. Titafika kunyumba ndinatenga mbale ndi kapu n'kuziika padera pawindo. NyaMhone anazibwezera pamene panali zinzake. Ndinaziikanso padera mawa lake, iye anazibwezeranso, ndipo tsiku lachitatu ndinasiya.

Namwino amene ankandipatsa mankhwala anali mayi wa ku Tukombo, wolankhula Chichewa chosakaniza ndi Chitonga, ndipo ankanditchula kuti ada, kutanthauza bambo. Ndiye anandiphunzitsa kusamala dzanja: kuliviika m'madzi ozizira, osati otentha, kulipaka mafuta, kuwongola zala zopindikazo ndi dzanja linalo kakhumi m'mawa ndi kakhumi madzulo, ndi kuliyang'ana tsiku lililonse ngati lili ndi bala, popeza lokha silinganene. Anandifunsa ngati kunyumba kuli tinthu ting'onoting'ono toti ndizitola ndi zala, monga nyemba kapena mabatani. NyaMhone anaseka koyamba m'miyezi yambiri, n'kumuuza za tinjerwa tija. Ine ndinachita manyazi, koma namwinoyo anati ndibwere nato adzaone. Mwezi wotsatira anatitembenuza m'manja, anadina tiwiri n'kutikanula, ndipo anati, “Ada, izi n'zabwino kuposa nyemba. Muzimanga tsiku lililonse ndi dzanja lodwalalo. Mano ayi.”

Kuyambira pamenepo kumanga kunasanduka ntchito, ndipo sikunali kokoma. Kanjerwa kamene kale ndinkadina osaganiza n'komwe kankanditengera mphindi zingapo, kakuterereka n'kugwera pansi. Tsiku lina ndinakwiya n'kukankha thabwa lonse, theka la mlatho n'kugumuka, ndipo ndinatola tinjerwato ndekha pabwalo misozi ili m'maso. Tinapanganso kayezedwe kathu. M'mawa uliwonse ndisanapite ku nazale ndinkatsinzina, NyaMhone n'kukhudzitsa kanjerwa pansonga ya chala chachinayi, kenako pa chaching'ono, ine n'kunena ngati kali ndi timitu tiwiri, tinayi kapena ngati wakatembenuza kumsana kosalala. Novembala yense ndinkangolota. Nthawi zina ndinkayankha iye asanandikhudze n'komwe. Anayamba kundinamiza kuti ndakhoza, koma ndinamugwira chifukwa mawu ake amasintha akamanama, ndipo ndinamupempha kuti asadzachitenso.

Pakati pa Disembala, mapiritsi a kutupa aja atachepetsedwa, zinthu zinaipa mwadzidzidzi. Mabanga onse anatupa n'kufiira, thupi linatentha, ndipo chigongono chinkapweteka moti sindinkatha kuvala malaya. Chala chachikulu, chimene chinali bwinobwino, chinayamba kuchita dzanzi nacho. Ndinaganiza kuti mankhwala akanika ndipo dzanja lonse likupita. Ulendo uno sindinadikire Lolemba. Tinapita tsiku lomwelo, ndipo anandigoneka masiku asanu ndi anayi. Dokotala anandifotokozera kuti si matenda amene akukula, koma thupi likulimbana ndi tizilombo takufa, ndipo nkhondo yakeyo ndi imene ikutupitsa mitsempha. Anakweza mapiritsi aja ndipo mkono anaumangirira pakathabwa kuti upume. Anatinso ndikanachedwa sabata imodzi, chala chachikulu chikanatsatira zinzake.

Moyo wa m'wodi ndi wodikira. Amakudzutsa kukada kuti akupime kutentha, umadikira mankhwala, umadikira dokotala, umadikira ola loti odwazika alowe. Bedi loyandikana nalo panali msodzi wa ku Usisya amene anathyoka mwendo, ndipo ankafuna kudziwa chimene ndikudwala. Masiku awiri oyamba ndinamuuza kuti ndi mitsempha. Tsiku lachitatu ndinamuuza dzina lake lenileni, kuti ndione chimene achite. Anangoti pepani, n'kundipempha kuti ndimupatsire botolo lake la madzi. Iye ndiye munthu woyamba amene ndinamuuza ndi pakamwa panga. M'masiku amenewo NyaMhone anabwera ndi uthenga wa a kapitawo woti mzere wanga aupereka kwa munthu wina mongogwirizira, ndipo adikira mpaka mvula itatha. Ndinamvetsa kuti sakundiopseza. Mitengo siidikira munthu.

Nditatuluka ndinabwerera pathabwa langa ndi mtima wina, popeza panalibenso china choti ndichite ndi mantha anga. Tinjerwa ta buluu tinali tochepa, tina titapindika ndi madzi otentha aja, choncho ndinasakaniza ndi toyera kuti tikhale thovu la madzi osefukira, ndipo topindikato ndinatiika pamene mtsinje ukumenya mizati. Ta bulauni tinakwanira mlatho wokha, moti lole inatuluka yofiira kutsogolo, yachikasu kumbuyo. Kuti ipendekeke ndinachotsa thabwa limodzi la mlatho n'kulowetsa tayala m'bowolo. Matumba ndinasoka ndi kansalu ka thumba la shuga n'kuikamo mchenga, ndipo kusokako kunanditengera Januwale yense. Tianthu tija tinandivuta. Kamodzi kanali ndi chipewa chachitsulo chosachoka, kena kanalibe mkono. Ka chipewa ndinakaika kukhala dalaivala kuti kabisike, kopanda mkono ndinakaika kakukankha ndi phewa. Mayi wa tsidya lija NyaMhone anamuveka kachidutswa ka chitenje chake chakale, ndipo ambulera tinapanga ndi chitsekerero cha botolo ndi kawaya. Tinakangana za mbali imene mayiyo anaima. Iye anati kumanja, ine ndinati kumanzere, ndipo anapambana ndi iye.

Tsiku lina m'mawa kumayambiriro kwa Malichi, nditatsinzina monga mwa masiku onse, ndinamva kanthu kakundikanda pansonga ya chala chachinayi. Sikunali kumva kwenikweni, kunali ngati ukukhudzidwa utavala nsalu yokhuthala. Ndinati tinayi. NyaMhone anasintha kanjerwa. Ndinati kumsana. Anasinthanso. Ndinati tiwiri. Nditatsegula maso ndinapeza akulira, ndipo ndinadziwa kuti ulendo uno sakunama. Tinayesa chala chaching'ono. Kumeneko kunalibe kanthu. Ndinakondwa ndi kuopa nthawi imodzi, ndipo tsiku lonse ku nazale ndinkangokhudza chalacho pa chilichonse, pachubu, padothi, pamalaya, kuopa kuti kumvako kuthawanso.

Dokotala atapima ndi bolopeni yake mu Epulo anavomereza kuti chala chachinayi chikubwerera ndipo kupana kwayamba kulimba. Analemba kalata yoti ndikhoza kuyesa ntchito yanga, koma ndizivala golovesi ndi kuyang'ana dzanja ndikaweruka. Za chala chaching'ono anati tisayembekezere zambiri. Ndinapita nayo kalatayo kwa a kapitawo, ndipo ndinawauza zonse, dzina la matenda ndi mankhwala omwe. Ndinali nditakonzeka kuti abwerere m'mbuyo. Anangopinda kalatayo n'kunena kuti iwo za chipatala sazidziwa, amadziwa mitengo. Anati Lolemba andipatsa mitengo makumi awiri yakale, ya kumapeto kwa munda, ndipo akapeza mabala opitirira awiri tidzakambirana zina.

Lolemba limenelo, mu Meyi, ndinafika kumunda m'bandakucha. Mpeni ndinaukulunga kansalu kuchigwiriro kuti chikule, chifukwa chala chaching'ono sichinkathandizanso kugwira. Pamtengo woyamba ndinasenda pamwamba kwambiri chifukwa cha mantha, ndipo utomoni unangotuluka timadontho. Wachiwiri chimodzimodzi. Pa wachitatu ndinamva, kudzera m'chala chachinayi ndi chapakati, kaphokoso kaja kamene khungwa limachita mpeni ukafika poyenera. Ndinapitiriza osayang'ana kumbuyo. A kapitawo ankabwera pambuyo panga, akuwerama pamtengo uliwonse. Nditamaliza ndinaima kumapeto kwa mzere n'kumawadikira, ndipo anayenda pang'onopang'ono ngati dala. Atafika anati, “Limodzi. Pamtengo wachisanu ndi chinayi. Koma ukuchedwa, mphwanga, dzuwa likupeza.” Anandipatsa theka la mzere, ndipo pofika Ogasiti anandibwezera wonse.

Mankhwala ndinamaliza mu Okutobala, osadumphitsa ngakhale mwezi umodzi. Mabanga anazimiririka, ena anangotsala ngati mthunzi, ndipo khungu langa likubwerera mtundu wake pang'onopang'ono. Ndimapitabe kukaonedwa pakapita miyezi ingapo, ndipo anandiuza kuti ndikangomva kupweteka m'chigongono ndithamange. Ndikucheka mzere wanga, ngakhale ndimamaliza pambuyo pa anzanga amene kale ndinkawasiya kutali. Mlatho unatha, uli pashelefu m'chipinda chochezera, ndipo tsopano ndayamba kumanga kanyumba ka vidiyo kaja ndi tinjerwa totsala. Kumalaini ena anadziwa za matenda anga. Alipo awiri atatu amene anasiya kundipatsa moni wa pamanja, ndipo zimandipwetekabe, koma ambiri sanasinthe.

Chala chaching'ono sichinabwerere. Chinapindika ndipo sichimva moto, minga kapena mpeni. Madzulo aliwonse ndimachiyang'ana ngati mwana wosalankhula, kuona ngati chavulala masana. Ndinafunsa dokotala tsiku lomaliza ngati chikanapulumuka ndikanabwera msanga. Sanazungulire. Anati ndikanabwera mu Meyi kapena mu Juni, mwina sitikanakamba n'komwe za zala.

Ndalemba izi chifukwa cha anzanga ogwira ntchito ndi manja, ocheka labala, asodzi, osoka, amayi a kumunda, amene timazolowera kunena kuti dzanzi ndi kutopa. Mukaona banga loyezuka limene silimva mukalikhudza, kapena chala chimene chapsa osapweteka, pitani kuchipatala sabata yomweyo. Mukalowa m'chipinda muja tulutsani dzanja m'thumba ndipo munene zonse, ngakhale zimene mukuziopa kuzitchula. Khate limachizika, ine ndachira, ndipo mkazi wanga ndi mwana wanga ali bwino. Tizilombo tinafa m'miyezi yochepa chabe, monga anandiuzira. Chala chija sichinapite chifukwa matendawa ndi amphamvu. Chinapita m'miyezi isanu ndi umodzi imene ndinkadziwa kuti chinachake chalakwika, ine n'kumati ndipita Lolemba.